Khutu ndi Makina Oyezera Mau: Woweruza Ndani?

Madzulo ano tikambirana za timahedifoni tolowetsa m'khutu, tija timamvera nyimbo ndi wailesi ya pa foni. Funso lathu nali: kodi manambala amene opanga amalemba angatiuze ngati mau ake adzatikomera?

Pa mabokosi ambiri pamalembedwa 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Manambalawa amanena za kunjenjemera kwa mpweya pa sekondi imodzi, kuyambira mau otsika koposa a ng'oma yaikulu kufikira mau okwera amene khutu la mwana lingathe kumva. Koma sanena mphamvu imene liu lililonse limatuluka nayo, ndipo apo ndi pamene pagona nkhani.

M'chaka cha 1933, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories ku America anasonyeza kuti khutu silimva mau onse mofanana. Limamva msanga mau a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz. Chifukwa china n'chakuti ngalande ya khutu, yotalika pafupifupi masentimita 2.5, imakuza mau a pafupi ndi 3,000 Hz, monga momwe botolo limalirira mukaliuzira pakamwa. Kahedifoni kakatseka ngalandeyo, kukuzako kumasokonezeka, ndipo wopanga ayenera kukubwezera. N'chifukwa chake kahedifoni kotulutsa mau onse ndi mphamvu yofanana kamamveka ngati woimba wafunda bulangeti.

Akatswiri amayeza timahedifoni pa khutu lochita kupanga, lokhala ndi maikolofoni mkati. Sean Olive ndi anzake a kampani ya Harman anayerekeza miyeso yotere ndi maganizo a anthu amene ankamvetsera osadziwa dzina la kahedifoni kapena mtengo wake. Ambiri anakonda mau okuzidwa pafupi ndi 3,000 Hz ndi besi yoonjezera. Komabe ena anafuna besi yochuluka, ena yochepa. Miyeso imalosera zimene ambiri angakonde, koma makutu athu ndi osiyana ngati nkhope zathu.

Tsono mvetsetsani apa, omvera. Kamphira ka kumapeto kakapanda kutseka bwino khutu, mpweya umapulumuka ndipo besi imathawa, ngakhale kahedifoniko kakhale kodula chotani. Musanadandaule kuti mwataya ndalama, yesani timphira tina ta misinkhu yosiyana. Kutseka bwino kumachepetsanso phokoso la kunja, motero simukakamizika kukweza mau. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mau a mphamvu ya madesibo 80, pakuti timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Manambala akutsogolereni pogula, koma mlandu augamule ndi khutu lanu, ndipo mulisamale. Mpaka sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, tsalani bwino.