Visa Imodzi, Malipiro Awiri

Ambirife ana athu afika pofuna sukulu za kunja, choncho ndati ndikuuzeniko zimene zidationekera kwathu.

Mu Okotobala 2023 mwana wa achemwali anga adapempha visa yokaphunzira ku Britain. Tidalipira mapaundi 490. Lamulo limati ndalama za fizi ndi zodyera zikhale ku banki masiku 28 otsatizana, osachepako. Kumudzi kutagwa maliro, ine ndidatapako pang'ono, n'kubweza patatha masiku atatu. Ndinkati palibe angazindikire. Visa adamukaniza, ndipo mapaundi aja adalowa m'madzi, pakuti sabweza.

Kupemphanso ndiye kudatiliza. Kalata ya ku yunivesite yotchedwa CAS imagwira ntchito kamodzi kokha, tidapempha ina. Chikalata choyezetsera TB chimatha mphamvu pakapita miyezi 6, mwana adakayezetsanso. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Mu Febuluwale 2024 ndalama ya chipatala imene wophunzira amalipiriratu idakwera kuchoka pa mapaundi 470 kufika pa 776 pachaka. Ya chipatala yoyamba ija adatibwezera, koma sidakwanenso. Tidagulitsa puloti, ndipo mwana amene akadayamba sukulu mu Januwale adayamba mu Seputembala.

Anzanga, ine ndimagwira ntchito m'boma, ndimaswera ndi mafomu tsiku lililonse, komabe ndidapunthwa. Safunsa adadya phula. Ndalama yosungira visa musaikhudze, ngakhale pagwe zovuta. Za maliro tizisonkherana konkuno ku bungwe lathu.