Mexico City: Mzinda Womangidwa pa Nyanja



Komiti idandipempha kuti ndilankhulepo za ulendo wanga wa ku Mexico, popeza ena mwa ife ana awo akufuna kukaphunzira kumeneko, ndipo ena ntchito ikhoza kuwatuma monga idanditumira ine. Ndidavomera mwamantha, chifukwa pasukulu pano sindinkadziwika ndi kulankhula, ndinkadziwika ndi kusinza m'kalasi ya Jogalafe. Mukukumbukira mphunzitsi wathu uja ankatiloweza dzina la phiri la Popocatépetl, ndipo wolephera kulitchula ankakasesa kuseri kwa khitchini. Ine ndidasesa kawiri. Patapita zaka zambirimbiri, m'mawa wina kunja kutayera, ndidaliona phirilo ndi maso angawa likufuka utsi, ndipo ndidalitchula bwino lomwe, koma panalibe wondipatsa malikisi.

Ndidapita mu Sepitembala 2022 kukachita maphunziro a za chimanga ku CIMMYT, malo ofufuzira chimanga ndi tirigu amene ali pafupi ndi Texcoco, kunja pang'ono kwa Mexico City. Masiku opuma ndinkathera mumzinda. Zimene ndinene pano ndi za mlendo woyenda ndi thumba lopepuka.

Ndiyambe ndi zapaulendo. Dziko la Mexico lilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, motero za viza muziyambe kudakali miyezi. Amene ali ndi viza ya ku America, Canada, Britain kapena Schengen yosatha ntchito amaloledwa kulowa popanda ina, komabe funsani musanagule tikiti, chifukwa malamulo otere sachedwa kusintha. Mabwalo a ndege alipo awiri: la Benito Juárez lili mumzinda momwemo, pamene la Felipe Ángeles, limene lidatsegulidwa mu 2022, lili kutali chakumpoto. Onani bwino pa tikiti yanu kuti mukutera kuti. Mukatsika, takisi muilipirire pa kauntala m'kati mwa bwalo la ndege, osati kukwera ya munthu wokukodolani panja. Nthawi yawo ili m'mbuyo ndi maola 8, tsono musaimbire mkazi wanu mukamadya chakudya chamadzulo, mudzamudzutsa pakati pa usiku.

Chinthu choyamba kukulonjerani ndi mpweya. Mzindawu uli pamtunda wa mamita 2,240 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Tsiku loyamba ndidakwera masitepe a nyumba yogona alendo ndi sutikesi, ndipo nditafika pamwamba ndidakhala pansi mtima ukugunda ngati ng'oma. Ndidayesa ndi BP. Mayi wolandira alendo adangoseka nandipatsa madzi. Masiku awiri oyamba yendani pang'onopang'ono, imwani madzi ambiri, a m'botolo osati a pampopi, ndipo anzanga aja a pakona paja, botolo linalo liyambe ladikira. Mvula yawo imagwa kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, kawirikawiri chakumadzulo, ndipo usiku kumazizira.

Chachiwiri ndi chinamtindi cha anthu. Kalembera wa 2020 adapeza anthu 9.2 miliyoni mumzinda weniweniwo, ndipo mukaphatikiza madera ozungulira amaposa 21 miliyoni. Kalembera wathu wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Ndiye kuti Malawi yense, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, mutamuthira m'chigwa chimodzi, angachepe.

Chigwacho kale chidali nyanja, ndipo apa ndi pamene pagona mbiri yonse ya mzindawu. Anthu a mtundu wa Mexica, amene mabuku athu ankawatcha Aztec, adamanga mudzi wawo wa Tenochtitlan pa chilumba cha m'nyanja ya Texcoco m'chaka cha 1325. Nthano yawo imati mulungu wawo adawauza kuti akakhazikike pomwe adzaone chiwombankhanga chitatera pa mtengo waminga wa nopal. Chiwombankhanga chimenecho, njoka ili kukamwa, ndi chimene chili pa mbendera ya dzikolo. Mudziwo udakula, wolumikizidwa kumtunda ndi misewu yokwezedwa pamadzi, katundu akuyenda pa mabwato. Hernán Cortés wa ku Spain adalowamo mu Novembala 1519, nalandiridwa ndi mfumu Moctezuma. Pasanathe zaka ziwiri, pa 13 Ogasiti 1521, mzinda udagwa ndipo mfumu yotsiriza, Cuauhtémoc, idagwidwa. Ife tidaphunzira ngati kuti Azungu ochepa adagonjetsa ufumu wonse ndi mfuti ndi akavalo basi. Zoona zake n'zakuti Cortés adathandizidwa ndi ankhondo zikwizikwi a mitundu ina, makamaka a ku Tlaxcala, amene adatopa ndi ulamuliro wa Amexica, ndiponso nthomba, imene eni dziko sankaidziwa, idali itapulula kale anthu mu 1520.

Asipanishi adagumula akachisi, namanga mzinda wawo pamwamba pomwepo, ndipo pang'onopang'ono adaphwetsa nyanja ija. Mukaima pa bwalo lalikulu lotchedwa Zócalo muona zonsezi ndi diso limodzi. Kumpoto kuli tchalitchi chachikulu cha Katolika chimene adachiyamba mu 1573 nachitsiriza mu 1813. Kum'mawa kuli Palacio Nacional, momwe muli zithunzi za pakhoma za Diego Rivera zofotokoza mbiri ya dzikolo; funsani kaye ngati akulowetsa alendo tsiku limenelo. Pakona pa ziwirizi pali mabwinja a Templo Mayor, kachisi wamkulu wa Amexica. Mu Febuluwale 1978 anthu okumba ngalande ya magetsi adagunda chimwala chachikulu chosemedwa chithunzi cha mulungu wamkazi Coyolxauhqui, ndipo kufukula kwenikweni kudayambira pamenepo. Boma lidagwetsa nyumba zingapo kuti kachisiyo aonekere.

Nyanja ija sidaiwale malo ake. Pansi pa mzinda pali dothi lofewa la matope, ndipo popeza madzi ambiri akumwa amapopedwa kuchokera pansi pomwepo, mzinda ukutitimira. Madera ena amatsika masentimita makumi angapo pa chaka. Mukalowa m'tchalitchi chija muona pansi popendekeka, ndi chingwe cholendewera kuchokera kudenga choonetsera m'mene nyumbayo yasunthira. Chipilala cha Ángel de la Independencia cha 1910 chidakhazikidwa pa maziko olimba, tsono icho chili chiimire pamene msewu wozungulira ukutsika, mpaka adachita kuwonjezera masitepe. Zomvetsa chisoni n'zakuti mzinda womangidwa pa nyanja uli ndi madera amene madzi amabwera pa galimoto.

Matope omwewo amakuza chivomezi, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere, ngakhale inu a kumbuyoko amene mwayamba kale kusuzumira kukhitchini. Pa 19 Sepitembala 1985 chivomezi chachikulu chidagwetsa nyumba mazanamazana ndi kupha anthu zikwizikwi. Pa 19 Sepitembala 2017, tsiku lomwelo, chidabwera china nkupha anthu oposa 360 m'dziko lonse. Chaka ndi chaka pa tsikuli mzinda wonse umayeserera kuthawa chivomezi. Pa mapolo a m'misewu pali masipika amene amalira chivomezi chikayambira kutali, ndipo nthawi zina amapatsa anthu pafupifupi mphindi imodzi yoti atuluke.

Pa 19 Sepitembala 2022 lidali Lolemba, ndipo ndidali nditapempha tsiku loti ndikaone nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndidapeza potseka, pakuti nyumba zambiri zotere sizitsegula Lolemba. Musachite zanga. Ndidalowa m'kanyumba kodyera, ndipo 12 koloko itapitirira pang'ono masipika adalira. Tonse tidatuluka mwaulemu, tidaima pamsewu, ena akuseka, kenaka tidabwerera. Ola lisanathe masipika adaliranso. Ine ndidati m'mtima, anthu awa akonda masewera, ine msuzi wanga ukuzizira. Ndidakhala chikhalire. Mayi wophika uja, wamfupi kundifika m'phewa, adabwera nandigwira kolala ya jekete, nandikokera kunja ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Titangofika pamsewu, nthaka idayamba kuyenda. Nthambo za magetsi zinkagwedezeka, mitengo ikuwerama popanda mphepo, ndipo bambo wina pafupi nane adagwada nayamba kupemphera. Chidali chivomezi chenicheni, cha mphamvu yoposa 7.5, chochokera ku Michoacán. Kanyumbako sikadagwe, koma sindidadziwe zimenezo pamene ndinkateteza msuzi. Ena muno mudamva cha ku Salima mu 1989, ena cha ku Karonga mu 2009, ndipo mukudziwa kuti miyendo imasanduka phala. Masipika akalira, siyani chilichonse, tsatirani eni dziko. Pansi m'misewu adajambula malo obiriwira osonkhanirapo, ndipo mukafika pogona funsani tsiku lomwelo kuti potulukira ndi pati.

Kayendedwe n'kosavuta. Sitima ya pansi pa nthaka, Metro, idayamba mu 1969 ndipo ili ndi njira 12. Ine ndinkalipira mapeso 5 ulendo umodzi, utali uliwonse. Siteshoni iliyonse ili ndi chizindikiro chake, chiwala, belu, bakha, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asasochere, ndipo m'Chisipanishi wosadziwa kuwerengayo ndidali ine. Mabogi akutsogolo ndi a amayi ndi ana okha, abambo musalowemo. M'mawa ndi madzulo mumadzaza koopsa, ndipo opisa m'matumba ndi akatswiri, choncho foni ndi chikwama zikhale kutsogolo, pasipoti itsale pogona, muyende ndi fotokope. Usiku itanani galimoto pa foni. Chingerezi sichikufikitsani patali. Anzathu a ku Dedza, Mwanza ndi Mulanje amene adatola Chipwitikizi m'malire apezako mwayi, chifukwa zinenero ziwirizi n'zapachibale. Enafe tiloweze buenos días, por favor ndi gracias.

Malo oti muone ndi ambiri, nditchulako ochepa. Museo Nacional de Antropología, m'paki ya Chapultepec, idatsegulidwa mu 1964, ndipo muli Mwala wa Dzuwa wolemera matani oposa 20 umene udafukulidwa pa Zócalo mu 1790. Patulani tsiku lathunthu. Mapiramidi a Teotihuacan ali makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakum'mawa, mabasi ake amanyamukira ku Terminal del Norte; adamangidwa zaka mazana ambiri Amexica asanafike, ndipo Amexicawo adawapeza ali kale mabwinja. Akatolika musalephere kufika ku Basilica ya Guadalupe, kumene pa 12 Disembala pamasonkhana anthu mamiliyoni. Tchalitchi chatsopano adachimanga mu 1976 chifukwa chakale chinkatitimira. Okonda mpira, Estadio Azteca ndi kumene Pelé adanyamulira chikho mu 1970 ndi Maradona mu 1986. Ndipo popeza ife ndife gulu la ana asukulu akale, pitani ku Tlatelolco, kumene pa 2 Okutobala 1968, kutatsala masiku khumi kuti masewera a Olimpiki ayambe, asilikali adaombera ophunzira ochita zionetsero. Pali mwala wolembedwa mayina a ena mwa ophedwawo, ndi zaka zawo. Ndidawerenga zakazo ndipo sindidafune kujambula chithunzi.

Kumwera kuli Xochimilco, kumene kudatsala ngalande za nyanja yakale. Alendo amapitako kukakwera mabwato opakidwa utoto, oimba akuwatsatira. Ine chidandikoka ndi minda yawo yotchedwa chinampa, madimba opangidwa pounjika matope ndi zomera za m'madzi, mitengo itazikidwa m'mbali kuti dothi lisagumuke. Amakolola kangapo pa chaka, ndipo adayamba kulima motero Cortés asanabadwe.

Izi zandifikitsa pa chimanga. Ambirife timayesa kuti chimanga n'chathu chibadwire. Kwawo ndi ku Mexico. Makolo a anthu amenewa adachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Africa chidafika ndi zombo Columbus atawoloka kale nyanja. Ku CIMMYT amasunga mitundu ya chimanga yoposa 25,000: choyera, chachikasu, chofiira, chabuluu. Nsima yawo ndi tortilla, kamkate kopyapyala kophikidwa pa chiwaya. Koma asanagaye, chimanga amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, nachisiya usiku wonse. Ndi nzeru yofanana ndi chidulo chimene amayi athu amathira m'therere. Kuteroko kumamasula vitamini wotchedwa niacin amene thupi silingathe kumutenga m'chimanga wamba. Mbewu idawoloka nyanja, koma nzeru iyi idatsalira. N'chifukwa chake matenda a pellagra, aja othetheka khungu m'khosi ndi m'manja ndi kutsekula m'mimba, amagwira anthu odalira chimanga chokha, monga zidachitikira m'misasa ya anzathu othawa nkhondo a ku Mozambique kuno kwathu mu 1989 ndi 1990. Nditabwerako ndidayesa kuwiritsa chimanga m'madzi a phulusa kunyumba. Akazi anga adalawa, nati ndi bwino ndizikachitira kumunda.

Idyani za pamsewu, koma sankhani pamene pali mzere wa eni dziko ndipo chakudya chikuchoka pamoto. Lawani tacos, tamales, phala la atole m'mawa, ndi ziwala zokazinga zotchedwa chapulines, zimene kwa ife si zachilendo. Chimanga chija chotupa n'kuda ndi matenda, chimene ife timataya kumunda, iwo amachitcha huitlacoche ndipo amachigula modula kuposa chabwino. Za tsabola, munthu wa ku Mexico akakuuzani kuti uyu sawawa, yambani mwadontheza pang'ono pa chala. Ine wodya kambuzi ndidalira misozi pamaso pa ana.

Bambo wapampando, ndaona mlembi akundionetsa wotchi kachiwiri. Mapu a Metro ndi mapeso ochepa amene adanditsalira ndawaika patebulo la pakhomo kuti muone, mapesowo ndawawerenga. Amene ana anu akukonzekera ulendo, tionane tikatha kudya.