Kodi Nyimbo Ilowa Liti m'Sewero?

Lero ndifuna kukamba za masewero a nyimbo, aja amene ocita sewero amalankhula pang'ono, kenaka nkuyamba kuimba ndi kuvina, nkubwereranso ku mau. Zimene nditi ndinene ndi maganizo a munthu wokonda kuonerera, amene malo ace ndi pa benchi pakati pa anthu. Alipo ophunzira ena amene amati sewero la nyimbo ndi cosangalatsa ana cabe, ndi kuti sewero lenileni ndi lija la mau okhaokha. Ine sindibvomerezana nao, ngakhale kuti cimene cimawanyansa ndimaciona.

Ife amene tinakula ndi nthano sitiyenera kudabwa ndi munthu woleka kulankhula nayamba kuimba pakati pa nkhani. Agogo anali kucita zomwezo pa moto madzulo, ife nkumabvomera. Koma kumbukirani pamene nyimbo inali kulowera. Inali kufika pamene mwana wamasiye walephera kunena cimene cimsautsa, kapena pamene kambalame kafuna kuulula mlandu umene anthu a m'mudzi aubisa. Mukaicotsa nyimbo ija, nthano yonse igwa, pakuti cinsinsi ca nkhani cinali m'menemo. Muyeso umenewu ndiwo ndimayesera masewero a nyimbo, a kuno ndi a kunja omwe, ndipo lero ndiuyesa pa masewero ocuka a ku South Africa. (Ndasankha amenewa popeza ambiri a inu nyimbo zace munazimvapo pa wailesi.)

Tiyambe ndi King Kong, sewero limene linaonetsedwa koyamba pa 2 Febuluwale 1959 m'holo yaikuru ya University of the Witwatersrand ku Johannesburg. Dzinalo lisakusokeretseni, si nkhani ya nyani wa m'kanema. King Kong linali dzina lomchedwa nalo Ezekiel Dlamini, katswiri wa nkhonya amene anthu a m'makomboni anali kumtama ndi kumuopa. Mbiri yace itayamba kuzirala, anapha mkazi amene anali bwenzi lace. Pa mlandu anapempha woweruza kuti amuweruze kuphedwa, koma anapatsidwa zaka 12 za ukaidi, ndipo mu 1957 anamira m'dziwe la pa ndende ya Leeuwkop. Patangopita zaka ziwiri, moyo wace unali pa siteji. Harry Bloom analemba nkhani, Pat Williams analemba mau a nyimbo, Leon Gluckman anatsogolera sewero, ndipo nyimbo zenizenizo anazipeka Todd Matshikiza. Ocita sewero onse anali anthu akuda. Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers ndiye anali King Kong, ndipo Miriam Makeba anali Joyce, mwini shabini yochedwa Back of the Moon. Pakati pa oliza malipenga panali Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi mnyamata wina dzina lace Hugh Masekela.

Mukamvetsera mbale ya nyimbo za seweroli mudzaona kuti Matshikiza anali kudziwa nchito ya nyimbo. Nyimbo ya mu shabini ili ndi cimwemwe ca anthu amene agwira nchito ya azungu sabata yathunthu ndipo apeza usiku umodzi wokhala eni ace a miyendo yao. Makeba saikuwa ai. Amaiimba mosafulumira, monga mkazi wodziwa kuti nyumbayo ndi yace ndipo aliyense wolowamo adzamvera iye. Khalidwe lonse la Joyce mumalimva m'liu lace musanaone nkhope. Ndiyeno pali nyimbo zacisoni za gulu lonse, zomveka ngati za m'chalichi ca m'komboni, zimene zimanyamula cimene King Kong mwini sakanatha kucinena, pakuti iye anali munthu wa zibakera, wosowa mau. Pamenepa nyimbo yalowa pa malo ace.

Komabe ndili ndi mlandu ndi seweroli. Linaimbidwa m'dziko la citupa, pa nthawi imene boma linali kugumula Sophiatown ndi kusamutsa anthu ace mokakamiza, koma za zimenezi linangonong'oneza. Tsoka la Dlamini linaoneka ngati locokera mu mtima wace wokha ndi kwa zigawenga za m'komboni. Ena adzati likanalankhula mokweza likanatsekedwa usiku womwewo, ndi kuti kukhalitsa akuda ndi azungu m'holo imodzi mu 1959 kunali kale kulankhula. Mau amenewo ndi oona, ndipo sindingawapeputse. Cotsatira cace nco cacisoni: seweroli linapita ku London mu 1961, ndipo ambiri a oimba ace sanabwererenso kwao kwa zaka zambiri. Makeba anali atacoka kale mu 1959, malo ace ku London anatenga Peggy Phango, ndipo iye sanapondenso kwao kufikira 1990.

Matshikiza ndi wathu pang'ono ife a m'Zambia, ndipo a nyumba ya wailesi ayenera kumkumbukira. Atakhala ku London zaka zingapo, kumene analemba buku lace lochedwa Chocolates for My Wife, anabwera kuno mu 1964 nagwira nchito ya pa wailesi, pambuyo pace nasonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo athu. Anamwalira mu Lusaka mu 1968, asanakwanitse zaka 50.

Za Ipi Tombi sindidzacedwapo. Linapangidwa mu 1974 ndi Bertha Egnos pamodzi ndi mwana wace Gail Lakier, ndipo nkhani yace ndi ya mnyamata wocoka kumudzi kukafuna nchito ku Johannesburg. Ng'oma zinali zamphamvu, obvina anali akatswiri, ndipo liu la Margaret Singana pa mbale ya nyimbozo palibe angalinyoze. Koma cotsani nyimbo iliyonse, nkhani siisintha, cifukwa nkhaniyo ndi cingwe cabe copacikapo magule. Mzungu woonerera anali kutuluka m'holo ali wotsimikiza kuti munthu wakuda ndi wokondwa, makamaka akakhala kumudzi atabvala mikanda, ndipo cimeneco ndico boma la tsankho linali kufuna kuti dziko lonse likhulupirire. Litafika ku New York mu 1977, anthu anaima pa khomo ndi zikwangwani zolitsutsa, ndipo linatsekedwa patangopita masabata owerengeka. Ngati anzanga onyoza masewero a nyimbo akunena za mtundu uwu, ndili kumbali yao.

Tsopano ndikambe za sewero lopanda gulu la oimba, lopanda obvina, la anthu awiri okha. Sizwe Banzi Is Dead linapangidwa ndi Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona, ndipo linaonetsedwa koyamba mu 1972 ku Space Theatre mu Cape Town. Sizwe wacoka ku King William's Town kudzafuna nchito ku Port Elizabeth (mizinda imeneyi mu 2021 inapatsidwa maina a Qonce ndi Gqeberha). Citupa cace cadindidwa kuti acoke mu mzindamo pasanathe masiku atatu. Usiku wina, pocokera ku mowa ndi Buntu amene wamsunga, apeza mtembo wa munthu m'kanjira, m'thumba mwace muli citupa cololedwa kufuna nchito. Buntu amatula cithunzi ca Sizwe nacimata m'citupa ca wakufayo. Kuyambira pamenepo Sizwe ndi Robert Zwelinzima. Kuti ana ace adye, dzina la atate ace liyenera kufa. Akuluakulu a kuno amene akumbukira zitupa za Northern Rhodesia, zija anthu anazitentha mu 1961, safunika kuwamasulira nkhaniyi.

Cimene ndifuna ana a sukulu acione m'seweroli ndi nchito ya ocita sewero awiriwo. Kani amayamba ali yekha pa siteji monga Styles, wojambula zithunzi, akuwerenga nyuzipepala ndi kuceza ndi oonerera. Amasimba za tsiku limene mwini fakitale ya Ford anabwera kucokera ku America, ndipo posimbapo iye yekha amasanduka kapitao, womasulira mau, mzungu wamkuru ndi gulu la anchito. Sasintha malaya. Amasintha msana, khosi ndi kayendedwe. Pambuyo pace yemweyo ndiye Buntu, munthu wofatsa ndi wocenjera. Ntshona anali wosiyana naye kutali. Mphamvu yace inali m'kucedwa: munthu wobvala suti yatsopano yosamuyenera, wosadziwa poika manja, womwetulira mwamanyazi pamaso pa kamera. Anthu amaseka, ndipo ali cisekere amazindikira kuti munthuyu akujambulitsa cithunzi coti atumize kwa mkazi wace Nowetu pamodzi ndi kalata yomuuza kuti mwamuna wace wafa. Ambiri amatama Kani, ndipo ayenera. Ine ndimaika Ntshona patsogolo pang'ono, cifukwa kulankhula mokometsera kumaphunzirika msanga kuposa kukhala cete pa siteji anthu nkumakuyang'anabe. Mu 1975 awiriwa analandira pamodzi mphotho ya Tony ku New York, ndipo mu 1976 anamangidwa ku Transkei atangotha kuonetsa sewero lomweli. Ntshona anamwalira mu 2018, Fugard mu 2025.

Kodi pamenepa ndiye kuti mau apambana nyimbo? Yankho langa lili mu Sarafina!, sewero la Mbongeni Ngema limene linayamba ku Market Theatre mu Johannesburg mu 1987 ndi kufika ku Broadway mu 1988. Nyimbo zace anapeka Ngema ndi Masekela, mnyamata uja wa lipenga mu King Kong, tsopano ali mkulu wokhala ku ucilendo. Nkhani yace ndi ya ana a sukulu ya Morris Isaacson ku Soweto, amene anaukira lamulo lakuti aziphunzira m'cinenero ca Afrikaans, monga zinacitikira pa 16 Juni 1976. Pali odandaula kuti si bwino kubvina pa nkhani ya ana owomberedwa ndi mfuti. Ndimawamvetsa, ndipo pali zigawo zina pamene kuwala kwa magetsi ndi kukoma kwa magule kumaphimba maliro. Kanema wa 1992 ndiye anaonjeza kukometsako. Koma odandaulawo aiwala kuti ana a ku Soweto anali kuimbadi poyenda m'miseu, ndi pa manda pomwe. Ngema sanaike nyimbo pamene panalibe.

Ndipo taonani cimaliziro cace. Ana aja akonza kasewero ka pa sukulu koonetsa tsiku limene Nelson Mandela adzatuluka m'ndende, ndipo amene acita mbali ya Mandela ndi mtsikana, Sarafina yemwe. Mu 1987 Mandela anali cikhalire m'ndende, ndipo kusindikiza cithunzi cace kunali mlandu. Cinthu cimeneci sicikanatheka kucinena ndi mau wamba, pakuti munthu akanati ndi maloto a ana. Cinatheka m'nyimbo, monga kambalame ka m'nthano kamaimba cimene mudzi uopa kuchula. Leleti Khumalo anali ndi zaka 17 pamene anayamba kucita mbali imeneyi. Liu lace silinali lalikuru ngati la Makeba, koma nkhope yace inali kutha kucoka ku cibwana kufika ku ukali m'kamphindi, ndipo seweroli linatsamira pa cimeneco. Mandela anatuluka pa 11 Febuluwale 1990.

Ife a kuno nkhani ya Soweto sitinaimvere ku Broadway. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anaiika pa siteji m'Zambia zaka khumi Sarafina! asanabadwe, ndipo ophunzira a pa University of Zambia anali atamanga kale bwalo la Chikwakwa, lopanda denga, kuti masewero acoke m'maholo a azungu afike kwa anthu m'zinenero zao, ng'oma ndi nyimbo zili momwemo. Cifukwa cace zimandiwawa ndikaona pa mipikisano ya masukulu gulu likuima pakati pa nkhani, wina nkutsegula cilimba, ana khumi nkumagwedeza milomo potsatira liu la munthu wa ku Johannesburg. Oonerera amaombadi m'manja, koma akuombera Ngema, ndipo mwana uja amene anali kulira maliro a amace mphindi yapitayo waiwalika. Kawirikawiri gule wa makolo amalowetsedwanso mwa njira yomweyo, kuti oweruza aone kuti mwambo ulipo, ngakhale kuti m'nkhanimo palibe cinamwali, ukwati kapena maliro oitana guleyo.

Aphunzitsi, yesani ici pa kukonzekera kwanu kwa sabata ino. Seweretsani ana sewero lonse mutacotsa nyimbo zonse ndi magule onse, inu mutakhala kumbuyo kwa kalasi. Pamene nkhani iyenda bwino popanda nyimbo, musaibwezerepo. Mudzapeza malo amodzi kapena awiri pamene mwana afika pa mau ace otsiriza koma mtima wa nkhani ukali wodzaza, ndipo anzace aima osadziwa cocita ndi manja ao. Pamenepo mfunseni mwanayo nyimbo imene amace kapena ambuye ace akanaimba zitawagwera zotere, ndipo aiimbe yekha ndi pakamwa pace, anzace abvomere, cilimba cili cotseka.