Msonkho wa Pamalire ndi Katundu Wotulukanso M'dziko

Lero tikambirana za ndalama zimene amalonda ambiri amataya cifukwa ca kapepala kamodzi cabe.

Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yamcere, koma lazingidwa ndi maiko asanu ndi atatu. Cifukwa cace katundu wambiri wolowa kuno sathera kuno ai. Tinene kuti mwagula matayala ku Dar es Salaam, mwalowa nao pa Nakonde, koma ogula anu ali ku Lubumbashi. Kodi mulipirenji msonkho wa Zambia pa matayala amene sadzayenda pa miseu ya Zambia?

Lamulo la Customs and Excise likulolani kuika katundu wotere m'nyumba yosungiramo katundu yovomerezedwa ndi a kasitomu, imene amalonda amaicha bonded warehouse. Msonkho umawerengedwa, koma simuulipira pomwepo. M'malo mwace pamakhala cikole, cimene kawirikawiri amapereka ndi a banki kapena kampani ya inshuwalansi. Mukagulitsa matayalawo muno, msonkho ulipidwa tsiku lowatulutsa. Mukawatumiza ku Congo, msonkhowo ufafanizidwa.

Tsono apa mpamene ambiri amasokonezeka. Munthu amene katundu wace anali pa cikole alibe ndalama zoti abwezeredwe, popeza sanalipire kanthu. Cimene afuna iye ndi kumasulidwa kwa cikole. Kubweza msonkho, kumene a kasitomu amakucha duty drawback, kumakhudza amene analipira kale. Mwacitsanzo, mwini fakitale ku Ndola alipira msonkho pa mankhwala opangira sopo ocokera kunja, napanga sopo, namgulitsa ku Malawi kudzera pa Mwami. Iyeyu angapemphe bungwe la Zambia Revenue Authority, limene linayamba nchito mu 1994, kuti limbwezere msonkho wa zipangizozo. Boma limacita zimenezi kuti sopo wathu asakwere mtengo kuposa wa maiko ena pa msika wakunja.

Njira ziwirizi zitsamira pa cinthu cimodzi: umboni wakuti katundu anatulukadi. Galimoto ikafika pa Kasumbalesa kapena pa Mwami, onetsetsani kuti ofisala watsimikiza kutuluka kwace m'makompyuta a ASYCUDA, ndipo sungani mapepala onse: olowetsera katundu, malisiti a msonkho, ndi otulutsira. Popanda umboniwu, a kasitomu adzayesa kuti katundu wagulitsidwa muno mobisa. Adzafuna msonkho wonse pa cikole, mwinanso ndi cindapusa, ndipo phindu la ulendo wonse lidzathera pomwepo.

Musasiye zonse m'manja mwa dalaivala kapena kalaliki wa pamalire. Funsani nokha ngati cikole camasulidwa, ndipo pempho lobweza msonkho muliperekere nthawi isanathe. Akulu anati, safunsa anadya phula.