Mpingo wa ku Mbombwe ndi Abusa Ake

Mau amene analankhulidwa pa chikondwerero cha bungwe la amayi kwa Mpama, m'boma la Chiradzulu

  Munandituma kuti ndifotokoze mbiri ya mpingo wathu wa Providence Industrial Mission, umene tonse timangoti P.I.M., ndi abusa amene anauweta. Ndichita chomwecho. Koma ndikupempheni kuti pomva maina a abusawo mutcherenso khutu ku maina a amayi, pakuti mbiri imeneyi siyenda popanda iwo.

Nkhope ya John Chilembwe tonse timaidziwa, popeza ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2000, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma kumkumbukira. Koma ambiri amamdziwa ngati munthu wa nkhondo chabe, naiwala kuti anali mbusa amene anabatiza, kukwatitsa ndi kuika maliro kuno kwathu kwa zaka pafupifupi 15. Iye anabadwira m'boma lathu lino. M'chaka cha 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth, amene anambatiza mu 1893. Mu 1897 Booth anapita naye ku America, kumene anaphunzira za ubusa pa sukulu ya Akhristu akuda mu mzinda wa Lynchburg, ku Virginia. Anabwerako mu 1900 atadzozedwa ubusa, ndipo anayamba mishoni ku Mbombwe ndi chithandizo cha National Baptist Convention, bungwe la mipingo ya anthu akuda a ku America. Masiku amenewo mishoni zinali m'manja mwa azungu. Kuona munthu wa pamudzi pomwepa akutsogolera mishoni chinali chinthu chodabwitsa.

Anzake a ku America sanamsiye yekha. Mu 1901 kunafika Mbusa Landon Cheek, ndipo mu 1902 kunafika Mayi Emma DeLaney, wa ku Florida, amene anaphunzira pa sukulu ya atsikana ya Spelman mu mzinda wa Atlanta. Mayi ameneyu, pamodzi ndi Mayi Ida, mkazi wa Chilembwe, anasonkhanitsa amayi ndi atsikana nawaphunzitsa kuwerenga, kusoka ndi kusamala pakhomo. Amayi anzanga, tikakhala pansi lero ndi singano ndi Baibulo tsiku lathu la msonkhano, tidziwe kuti sitinayambe ndife. Tikupitiriza ntchito imene inayamba zaka zoposa 120 zapitazo.

Pakhomo pa Mayi DeLaney panali mnyamata wina wa sukulu amene ankawathandiza ntchito, dzina lake Daniel Malekebu. Mayiwo anamsunga ngati mwana wao, monga akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Dzina la mnyamatayu mulisunge, tikumana nalonso.

Patapita zaka zowerengeka Cheek ndi DeLaney anabwerera kwao, koma ntchito inakulabe. Sukulu zinatsegulidwa m'midzi, ndipo mu 1913 Akhristu anatsiriza tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe. Komabe zaka zimenezo zinali zowawa. Kunali njala. Kunali msonkho. Kunali thangata, imene inkakakamiza anthu okhala pa minda ya azungu kugwira ntchito ngati malipiro a malo okhalapo. Ambiri a anthuwo anali abale athu Alomwe amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mozambique, ndipo ambiri anali nkhosa za Chilembwe. Pa munda wa A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, ankatentha nyumba zopemphereramo zimene Akhristu a P.I.M. ankamanga. Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, amuna anayamba kutengedwa kukamenya ndi kukasenza katundu pa nkhondo imene sinali yao. Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za ichi, koma boma silinamvere.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira. Azungu atatu anaphedwa, mmodzi wa iwo ndiye Livingstone uja, koma akazi ndi ana ao sanapwetekedwe. Sindibisa kuti mwazi unakhetsedwa, ndipo Akhristu akhala akusiyana maganizo pa nkhani imeneyi kufikira lero. Chimene ndifuna muone ndi chimene chinagwera mpingo. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique. Atsogoleri ambiri anaphedwa ndi boma, ena anamangidwa, ena anathawa. Tchalitchi cha njerwa chija asilikari anachiphulitsa. Mpingo unaletsedwa. Mu 1918 Mayi Ida nawonso anamwalira ndi mliri wa chimfine umene unapha anthu pa dziko lonse lapansi.

Tsono apa ndi pamene ndifuna tikhalitse pang'ono. Kuyambira 1915 kufikira 1926 ndi zaka 11. Zaka 11 popanda mbusa, popanda tchalitchi, popanda belu. Mwana wobadwa chaka cha nkhondoyo anafika msinkhu wopita yekha kudambo asanaonepo mbusa wa mpingo wa makolo ake. Dzina lenileni la Chilembwe linali loopsa kulitchula pagulu. Ife lero abusa akangodumpha miyezi iwiri osafika pa nthambi yathu timayamba kung'ung'udza kuti mpingo wafa. Nanga iwo aja anatani?

Funsani kuti m'midzi munatsala yani pamene amuna anali m'manda, m'ndende ndi kutsidya kwa malire. Munatsala amasiye, agogo ndi ana. Agogo anga aakazi, amene anali kamtsikana nthawi imeneyo, ankatiuza kuti mai ao ankatseka chitseko madzulo, nawagwaditsa pamphasa, nayimba nao nyimbo za ku Mbombwe ndi mau apansipansi kuopa makutu a panja. Analibe buku m'nyumbamo. Zimene anaphunzira pa mishoni anazisunga pamtima, nazipereka kwa ana pamodzi ndi nsima. Paulo polembera Timoteo anakumbutsa za chikhulupiriro cha agogo ake Loisi ndi mai ake Yunike. Mpingo wathu nawo uli ndi a Loisi ndi a Yunike ake, koma maina ao sanalembedwe pa mwala uli wonse.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Mayi DeLaney atachoka, Daniel Malekebu sanakhazikike mtima. Ananyamuka ulendo wa pansi mpaka ku doko la Beira, napeza ntchito pa sitima ya pamadzi, mpaka anakafika ku America. Kumeneko anaphunzira za Mau a Mulungu ndi za udotolo, ndipo mu 1917 anatsiriza pa Meharry Medical College ku Nashville. Iye ndiye Mmalawi woyamba kukhala dotolo. Mu 1919 anakwatira Mayi Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene anatengedwa ali mwana kupita ku America naphunzira pa Spelman pomwe paja panaphunzira Mayi DeLaney. Atayesa kubwerera kuno, boma la atsamunda linamkaniza, poopa kuti wophunzira wa ku Mbombwe angadzutse zakale. Iye ndi mkazi wake anatumikira ku South Africa ndi ku Liberia kudikira nthawi. Kuona maso a nkhono nkudekha: mu 1926 chilolezo chinaperekedwa, ndipo anafika ku Mbombwe natsegulanso mishoni.

Dr. Malekebu sanayambe pa thengo. Anapeza anthu akumdikira, amene anasunga chikhulupiriro chao zaka zonse zija. Pamodzi anaumba njerwa namanga tchalitchi china chachikulu, chimene chilipo ku Mbombwe, natsegula sukulu ndi chipatala. Mayi Flora anagwira ntchito pakati pa amayi ndi atsikana. Mpingo unafalikira m'maboma ena, ndiponso ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, kumene amuna athu ankapita kukagwira ntchito. Koma Mayi DeLaney sanazione zimenezi. Iwo anapita ku Liberia mu 1912 nayamba mishoni ya Suehn, ndipo anamwalira mu 1922, kutatsala zaka zinayi kuti mwana amene anamlera adzutse mpingo. Anabzala mtengo umene sanadye zipatso zake.

Dr. Malekebu anatsogolera mpingo kufikira 1971, pamene Mbusa Leonard Muocha analowa m'malo mwake, ndipo anamwalira mu 1978. Kusintha kumeneko sikunayende bwino. Panabuka kusamvana, ndipo ena anapatuka. Ichi ndichinena ndi chisoni, koma tiyenera kuchimva: mpingo umene mabomba a boma analephera kuuthetsa, unang'ambika ndi mikangano ya ife eni. Amayi, mikangano yotere simayambira pa guwa. Imayambira pa mtondo, pa chitsime ndi pa maliro, pamene tinong'onezana za abusa ndi za chopereka. Pakamwa pomwe panasunga nyimbo m'zaka za mdima pakhozanso kugwetsa nyumba.

Pomaliza ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, mwezi uno usanathe, mlembi wa nthambi iliyonse atenge kope ndi cholembera, apite kwa amayi okalamba a pa mpingo pake. Awafunse kuti anayamba mapemphero pamudzipo ndani, ankasonkhana pansi pa mtengo uti, anatunga madzi oumbira njerwa ndani, ankaphikira abusa ndani akabwera pa njinga. Alembe maina onse. Nkhalamba zikutisiya chaka ndi chaka, ndipo zimene sitilemba lero zipita nazo kumanda.

Lachiwiri, tisadikire abusa kuti ana athu adziwe kupemphera. Abusa ndi ochepa, nthambi ndi zambiri. M'mera mpoyamba. Mwana wamasiye amene akudya pakhomo panu lero, mwina ndiye amene adzaweta mpingo uno inu ndi ine titagona. Mayi DeLaney sanadziwe chimene mnyamata wotunga madzi uja adzakhala. Iwo anangomlera bwino.

Ambuye adalitse abusa athu, adalitse bungwe lathu, ndipo atipatse mtima wa amayi aja amene anatseka chitseko napemphera.