Kadamu kathu ndi njira ya matemba

Lero tiyamba ndi kadamu ka matumba a mchenga kamene tinamanga mu Juni kuti madzi akwere n'kulowa m'ngalande yopita kumadimba. Kadamuko katithandiza. Tomato ndi chimanga chachiwisi tadya, ena tagulitsa, ndipo sindinabwere kudzanena kuti tisiye kuthirira. Koma sabata yatha mayi wina anandifunsa kuti: "Alangizi, bwanji masiku ano ana akatchera mono kumtunda kuno akumapeza milamba yokhayokha, matemba osaoneka?" Funso limeneli ndiye phunziro lathu.

Matemba sakhala malo amodzi. Mvula yoyamba ikagwa, madzi n'kufiira, amachoka ku nyanja ya Chilwa ndi m'madambo ake n'kukwera mitsinje ngati Domasi, Likangala ndi Phalombe, mpaka timitsinje ngati kathuka, kukaikira mazira m'maudzu omira. Ana ake amadzatsika pambuyo pake. Ndiye taganizani: kansomba kotalika ngati chala changachi kakumana ndi khoma lofika m'chiuno, madzi akugwa mwamphamvu. Sikangalumphe. Matemba amangounjikana pansi pa khomalo ali ndi mazira m'mimba, ndipo ife timabwera ndi masikito n'kuwakokolola tsiku limodzi. Mlamba uli ndi mwayi wake. Umatha kupuma mpweya wakunja kwa madzi ndi kukwawa pa udzu wonyowa, choncho umalambalala khoma. N'chifukwa chake mono wa ana aja ukugwira milamba.

Kumtunda kwa kadamu nako zinthu zimasintha. Madzi akaima, dothi lochokera m'minda limakhazikika pansi n'kukwirira timiyala ndi mchenga momwe mumakhala tizilombo todyedwa ndi nsomba. Madzi oima amatentha msanga ndipo mpweya umachepamo. Nkhono zofalitsa likodzo nazo zimakonda madzi otere, ndiye tisamale ana posambira pamenepo. Kumunsi, tikapatutsa madzi onse, mtsinje umauma pofika Okutobala, anzathu n'kusowa pochapa, nsomba n'kufera m'matope.

Palinso nkhani yowongola mtsinje. Ena mwa ife tinadula pokhota kuti dimba likule, tinazula bango ndi nsenjere, tinalima mpaka m'mphepete mwenimweni. Pokhota paja ndi pamene madzi amakumba dziwe lakuya. Mtsinje wowongoka umathamanga ngati ngalande ya m'mbali mwa msewu, umagumula gombe, ndipo maiwe amadzaza mchenga.

Maiwewa ndikufuna tiwaganizire bwino. Akuluakulu muli pano mukukumbukira kuti nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linaumanso. Ine za 1995 ndinangomva kwa makolo, inu munaona ndi maso. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Zinachokera kuti? Zambiri zinapulumukira m'maiwe akuya a m'mitsinje ndi m'madambo, mvula itagwa n'kutsikira kunyanja. Dziwe ndi nkhokwe ya mbewu ya nsomba. Wothira katupe m'dziwe nthawi yachilimwe ali ngati munthu wokazinga mbewu yodzala.

Tsono tichite chiyani ndi kadamu kathu? Choyamba, kakhale ka chilimwe chokha. Mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala, tichotse matumba a pakati mpaka pansi, madzi oyamba apeze njira yotseguka. Izi zitipulumutsiranso matumba, chifukwa madzi osefukira amawakokolola ndithu, ndipo matope ounjikana aja amatsukika okha. Ndikudziwa kuti chimanga chochedwa kudzala chimakhala chikufunabe madzi nthawi imeneyo. Yankho lake n'kudzala msanga chaka chamawa, tiwerengere masiku kuchokera mu Novembala kubwerera m'mbuyo.

Ngakhale m'chilimwe, tisiye mpata mbali imodzi kuti madzi ena azidutsa usana ndi usiku. Kumunsi kwa mpatawo tiyale miyala motsetsereka pang'onopang'ono, ikuluikulu yosakaniza ndi ing'onoing'ono, kuti madzi asamagwe ngati mathithi koma azitsika mwa masitepe, kansomba kazipeza popumira kuseri kwa mwala. Pakamwa pa ngalande tiike kampanda kolukidwa ndi bango kuti nsomba zisalowe n'kukafera m'mabedi a tomato. Pamene tinazula bango tibwezeretse, tidzalenso nsenjere, vetiva ndi mikuyu. Za kumanga khoma la simenti, zimene komiti yakhala ikukamba, ndikupempha tidikire kaye mpaka a zaulimi wothirira ndi a zausodzi ku boma adzaone malowa, chifukwa simenti sitingaichotse mu Novembala.

Musangokhulupirira mawu anga. Lachiwiri likubwerali tigawane magulu awiri. Gulu lina litchere mono kumtunda kwa kadamu, lina kumunsi, madzulo nthawi imodzi, nyambo yofanana. M'mawa tidzawerenge mitundu ya nsomba ndi kuchuluka kwake, alembi alembe m'buku la sukulu, nsombazo tizibwezere m'madzi. Tidzabwerezanso pakatha sabata ziwiri titatsegula kadamu. Amene muli ndi mono mubwere nawo, ndipo agogo amene mukudziwa mayina a nsomba zimene zinkapezeka muno kale, mudzatiuze kuti tilembenso zimenezo.