WACHOKA MUNTHU, SINTHANI NAMBALA YA LOKO

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi. Tawalemba pano kuti amene sanabwere nawonso awerenge.

Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndikambe za maloko a manambala, aja otsegula popanda kiyi. Ndikuona ena mukumwetulira, mukuti zimenezo n'za anthu a m'tauni, ife chitseko chathu n'cha mpiringidzo. Taimani kaye. Loko wa manambala anafika kale pakati pathu. Ali pa sutikesi ya mwana wa sukulu yogonera konko, ali pa golosale, ali pa chipinda chosungiramo feteleza ndi mbewu ya mbatatesi. Ana athu amene akugwira ntchito m'nyumba za anthu ku Tete, ku Moatize, ku Beira ndi ku Johannesburg, ena amalowa pa zitseko ndi mageti a mabatani tsiku lililonse. Choncho nkhaniyi ndi yathu.

Tiyambe ndi kusiyana kwa kiyi ndi nambala, chifukwa zonse zimene ndinene zatsamira pamenepa. Kiyi ukam'patsa munthu, tsiku lochoka amakubwezera m'manja. Uwerenga makiyi ako, akwana, mtima ukhala m'malo. Nambala ilibe pobwezera. Ikalowa m'mutu mwa munthu, amapita nayo kulikonse kumene akupita. Kiyi akatayika umadziwa tsiku lomwelo, poti m'thumba mulibe. Nambala ikabedwa sumva kanthu, chifukwa iwenso ukadali nayo. Ndipo munthu akangouza mnzake mmodzi, ndiye kuti kiyi wina wapangidwa popanda kupita kukadulitsa. Njira yolandira kiyi wotereyu ndi imodzi yokha basi: kusintha nambala.

Choyamba, nambala imene loko amabwera nayo kuchokera kufakitale. Maloko ang'onoang'ono a timawilo nthawi zambiri amabwera ali pa 000 kapena 0000. A mabatani ambiri amabwera ndi 1234 kapena 123456. Nambala imeneyo yalembedwa m'kabuku ka loko aliyense wa mtundu umenewo, ndipo timabuku tambiri totere tili pa intaneti. Ndiye kuti aliyense amene anagula loko wofanana ndi wanu akudziwa potsegulira nyumba yanu. Vutoli si la kuno kokha. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo limaletsa kugulitsa zipangizo zolumikizidwa ku intaneti zokhala ndi nambala yachinsinsi yosavuta kulota, yofanana pa chipangizo chilichonse. Ife tisadikire lamulo. Loko akangoikidwa, mmisiri asanachoke n'komwe, akuonetseni kasinthidwe kake, ndipo akatuluka pageti musinthe nokha.

Chachiwiri, nambala yotani? Tiyeni tichite masamu pang'ono. Loko wa manambala 3 ali ndi njira 1,000 zokha, kuyambira 000 mpaka 999. Munthu woyesa imodzi pa masekondi 2 alionse amazimaliza zonse m'mphindi 33 kapena 34. Ameneyu ndi loko wa pa chikwama, musamuike pa chitseko cha golosale. Wa manambala 4 ali ndi njira 10,000, ndipo kuziyesa zonse kumafuna maola oposa 5. Wa manambala 6 ali ndi njira 1,000,000. Ngati loko wanu amalola manambala 6, ikani 6.

Komatu wakuba sayamba pa 0000 n'kumakwera imodzi ndi imodzi. Amayamba ndi zimene anthu amakonda. M'chaka cha 2012 katswiri wina wa masamu, Nick Berry, anafufuza manambala achinsinsi okwana 3.4 miliyoni amene anali atatulukira poyera pa intaneti. Anapeza kuti pa manambala 100 alionse, pafupifupi 11 anali 1234. Yotsatira inali 1111, kenako 0000. Manambala 20 okha otchuka anatenga gawo loposa limodzi mwa magawo 4 a onsewo. Zaka zobadwa, zija zoyamba ndi 19, zinalinso zambiri, pamodzi ndi 2580, imene ndi kungotsetsereka ndi chala pakati pa mabatani.

Kuno kwathu tiwonjezerepo zathu. Chaka cha 1975 chimene dziko lathu linalandira ufulu, 2506 kutanthauza pa 25 Juni, 1992 chaka cha mgwirizano wa mtendere: ameneŵa ndi manambala olemekezeka, koma mwana aliyense wa sukulu amawadziwa. Chaka chanu chobadwa chili pa chitupa. Manambala otsiriza a foni yanu ali ndi mudzi wonse. Ndipo chonde, nambala ya pakhomo isafanane ndi ya M-Pesa, ya e-Mola kapena ya khadi la kubanki. Ya pakhomo mumauza ana ndi alendo, ya ndalama simuuza munthu. Mukazifananitsa, ndiye kuti mwapereka zonse ziwiri.

Njira yabwino yosankhira ndi iyi, ndipo siifuna ndalama. Dulani timapepala 10, lembanipo 0 mpaka 9, ikani m'chipewa. Tolani kamodzi, lembani nambalayo, bwezeranimo, sakanizani, tolaninso, mpaka manambala akwane. Nambala yotuluka m'chipewa ilibe mbiri, choncho ngakhale mlamu wanu amene amakudziwani bwino sangailote. Masiku oyamba ivuta kukumbukira, koma chala chimazolowera msanga.

Yang'ananinso mabatani anu. Nambala ikakhala zaka osasinthidwa, mabatani amene mumadina amafufutika kapena kuda ndi thukuta ndi fumbi, ena aja ali atsopano. Munthu akaona mabatani 4 ofufutika, njira zija 10,000 zatsika kufika pa 24 zokha. Pukutani mabatani kawirikawiri, ndipo podina phimbani ndi dzanja linalo monga timachitira potapa ndalama pa makina a kubanki.

Chachitatu, kasinthidwe kake. Maloko amasiyana, ndiye kabuku kake ndiye mphunzitsi wamkulu. Kasungeni pamodzi ndi zitupa. Ngati kalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chovuta, funsani mphunzitsi kapena wachinyamata akuwerengereni, pajatu safunsa anadya phula. Koma wokuwerengeraniyo atembenuke pamene mukulowetsa nambala.

Loko wa timawilo: mutseguleni ndi nambala yakale. Pa maloko ambiri mumatembenuza kachitsulo kokhota kaja kuti kayang'ane kumbali, n'kukadinikiza pansi. Muli chidinikizire, zungulizani timawilo kufika pa nambala yatsopano, kenako siyani. Ena ali ndi kabatani kapena kabowo pambali kolowetsamo kachitsulo kamene amabwera nako. Mukatseka, sokonezani timawilo tonse. Kusuntha kamodzi kokha n'kumusiyira wakuba njira zochepa kwambiri zoyesa.

Loko wa mabatani wopanda mabatire: ambiri a mtundu umenewu amafuna kumasulidwa pachitseko kuti musinthe tizitsulo ta m'kati. Dziwaninso kuti pa ambiri otere dongosolo lilibe ntchito, 1357 ndi 7531 zimatsegula chimodzimodzi. Ameneyu ndi wabwino pa chitseko cha m'kati kusiyana ndi cha kunja.

Loko wa mabatire ali ndi manambala a mitundu iwiri. Pali nambala yaikulu ya mwini nyumba, imene imalamulira loko, ndiye pali manambala ang'onoang'ono ongotsegulira. Nambala yaikulu musauze munthu, ndipo ndi imene muyenera kuyamba kusintha. Posintha, chitseko chikhale chotsegula. Lowetsani nambala yaikulu, dinani batani losinthira monga kabuku kakunenera, pa ena ndi batani la nyenyezi kapena la mizere yopingasana, pa ena ndi kabatani kobisika m'kati pafupi ndi mabatire. Lowetsani nambala yatsopano, nthawi zambiri kawiri. Loko alira kapena ayatsa kanyali kobiriwira. Yesani nambala yatsopanoyo katatu chitseko chili chotsegulabe. Tsopano mvetsetsani apa: yesaninso yakale ija. Pa maloko ambiri, kuika nambala yatsopano sikufufuta yakale, kumangowonjezera. Ngati yakale ikutsegulabe, ifufuteni payokha.

Maloko ena amalamulidwa ndi foni, ena amatsegukanso ndi chidindo cha chala kapena kakhadi. Mukalowa m'nyumba imene munali anthu ena, kusintha nambala kokha sikukwanira, chifukwa foni ya mwini wakale kapena chala chake chikhoza kutsegulabe. Loko ameneyo abwezeredwe mmene anachokera kufakitale, zonse zifufutike, muyambe mwatsopano.

Tsopano ndifike pamene pali povuta, chifukwa kudina mabatani n'kosavuta, chovuta ndi manyazi. Tiyenera kusintha nambala liti? Wantchito akasiya ntchito. Walendi akasamuka. Mmisiri akamaliza kukonza nyumba. Mlendo amene anakhala nafe mwezi akabwerera kwawo. Msungichuma kapena mlembi wa gulu akasinthidwa pa chisankho. Foni kapena kope lolembamo nambala likatayika. Ndipo ngakhale pasachitike chilichonse, kamodzi kapena kawiri pachaka, mwachitsanzo pokolola ndi podzala.

Ambiri sitisintha chifukwa timaopa mawu aja akuti, "Ndiye kuti mukundiyesa wakuba, eti?" Timati mwana wa achemwali wakhala nafe zaka 3 osasowetsa ngakhale singano, lero amve kuti tasintha nambala, adzatiganizira chiyani? Koma taganizani mbali inayi. Mtsikana wasiya ntchito mu Meyi, nambala ili yomweyo. Mu Ogasiti m'nyumba mwasowa ndalama, chitseko sichinathyoledwe. Dzina loyamba kutchulidwa ndi la ndani? Ndi la mtsikana uja, ngakhale ali kumudzi kwawo akupalira dimba. Atengedwa kupita kubwalo la mfumu, mwina kupolisi, mbiri yake yaipa, ntchito kwina sadzaipeza, mabanja awiri adana. Nambala ikanasinthidwa tsiku limene anachoka, palibe akanam'loza chala. Choncho kusintha nambala kumateteza katundu wa mwini nyumba, komanso kumayeretsa dzina la wochokayo.

Mankhwala a manyazi ndi kuneneratu. Tsiku limene mukum'patsa munthu nambala, muuzeni kuti, "Pakhomo pano lamulo lathu ndi lakuti aliyense akachoka timasintha, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo." Lamulo likakhala la onse, palibe amene angadandaule. Magulu athu osunga ndi kubwereketsana ndalama amadziwa kale nzeru imeneyi. Bokosi limakhala ndi maloko 3, makiyi ali ndi anthu 3 osiyana, bokosilo lili kwa munthu wina. Kodi alipo amene amati gulu lamunyoza? Ayi, aliyense amagona tulo chifukwa sangakayikiridwe yekha.

Kwa inu achinyamata amene mukugwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo makolo mukawauze ana anu pafoni: ngati loko amalola, pemphani abwana akupatseni nambala yanuyanu. Musaitumize pa meseji kapena pa WhatsApp, ngakhale kwa bwenzi. Tsiku losiya ntchito, pemphani kuti aifufute inu mukuona. Umenewo ndi umboni wanu.

Koma ndichenjezenso, kuti mawu angawa asakagwire ntchito yolakwika. Kusintha nambala si chida chothamangitsira munthu pakhomo pake. Abambo, mukayambana ndi amayi, musawatsekere kunja ndi ana usiku. Achibale, maliro akachitika, musathamangire kusintha maloko kuti mkazi wamasiye asalowe m'nyumba imene anamanga ndi mwamuna wake. Eni nyumba, walendi akachedwa kulipira, katundu wake ali m'katimo, kambiranani. Nkhani zotere zili ndi ankhoswe, zili ndi mfumu, zili ndi khoti. Loko sagamula mlandu.

Potsiriza, walira mvula walira matope. Loko wa mabatire amafuna mabatire, ambiri amalowa 4 a mtundu wa AA. Akayamba kulira mwachilendo kapena kuyatsa kanyali kofiira, sinthani onse nthawi imodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Maloko ambiri otere amabwera ndi kiyi wapadera wotsegulira mabatire akatha. Kiyi ameneyo musamusunge m'nyumba yomweyo, kam'sungitseni kwa munthu mmodzi wokhulupirika. Nambala yaikulu ilembeni pa pepala, matani mu envelopu, isungidwe malo amene mkazi kapena mwamuna wanu akudziwa, chifukwa matenda ndi imfa sizipangana tsiku. Agogo ndi ana aphunzitseni modekha mpaka azitsegula okha, ndipo ana auzeni kuti nambala ya pakhomo sauza anzawo kusukulu. Onetsetsaninso kuti kuchokera m'kati chitseko chikutseguka popanda nambala, kuti moto ukabuka aliyense athe kutuluka.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Madzulo ano werengani anthu amene akudziwa nambala ya loko wanu. Ngati pakati pawo pali amene sakhalanso kapena kugwira ntchito pakhomopo, tengani chipewa ndi timapepala 10. Amene loko wake akuvuta abwere naye pamodzi ndi kabuku kake pa msonkhano wotsatira tidzathandizane, koma nambala yatsopano akaikire kunyumba. Mafunso perekani kwa alembi a kalabu kuti akawerengedwe pa wailesi.